ZA MAULENDO: KODI KU JONI NKUTALI BWANJI?

Sabata ino ndalandira kalata yocokera kwa bambo wina wacikulire wa kufupi ndi Lirangwe, ndipo ndaganiza zoiyankha pano poyera cifukwa funso lao likhudza mabanja ambiri. Akuti amai a kunyumba kwao adwala kwambiri, ndipo mwana wao woyamba, amene agwira nchito ku Johannesburg, anawauza pa foni kuti adzanyamuka m'mawa pa ndege ndi kudzadya nao nsima ya madzulo tsiku lomwelo. Bambowo mtima wao sukubvomera. Akuti iwonso anakwerapo ndege ya Wenela ali mnyamata, koma panapita masiku angapo asanaone migodi. Tsono afunsa kuti kodi mwanayo anena zoona, kapena angofuna kuwatonthoza? Ndipo ngati ziri zoona, kodi nkoyenera kuti ataye ndarama zambiri cotere pamene basi iripo?

Bambo, mwana wanu sananame. Koma kuti mtima wanu ukhale pansi, tiyeni tiwerengere pamodzi, pakuti nkhani ya mtunda ndi nthawi ya ndege yasokoneza anthu ambiri, ngakhale ophunzira amene.

MITUNDA IRI IWIRI

Pakati pa mizinda iwiri iriyonse pali mitunda iwiri. Wina ndi wa pansi, umene ukhotakhota polambalala mapiri ndi pofunafuna milatho. Wina ndi wa m'mwamba. Mwana wa sukulu akatenga ulusi ndi kuukoka pa mapu kucokera pa Blantyre kufika pa Johannesburg, ulusi umenewo ndiwo mtunda wa m'mwamba, ndipo ndege iyesetsa kuyenda pafupi ndi mzere umenewo.

Kucokera pa bwalo la ndege la Chileka kufika pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, kumpoto kwa Lilongwe, mtunda wa m'mwamba ndi makilomita ngati 245. Pa mseu wodzera pa Zalewa, Ntcheu ndi Dedza, kucoka ku Blantyre kufika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 300.

Kupita ku Harare, kumene makolo athu anali kuti ku Salisbury, m'mwamba ndi makilomita ngati 480, pamene pa mseu wodzera ku Mwanza ndi Tete ndi ngati 600. Ku Lusaka m'mwamba ndi ngati 700, ku Nairobi 1,600, ku Addis Ababa 2,800, ndipo ku London 8,200.

Ku Johannesburg, kumene kuli mwana wanu, m'mwamba ndi makilomita ngati 1,350. Kwa inu amene munazolowera kuwerenga mamailosi, amenewa ndi mamailosi 840, pakuti mailosi asanu alingana ndi makilomita asanu ndi atatu. Koma basi, imene idzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, iyenda makilomita oposa 1,700. Muona tsono kuti ndege isanayambe nkomwe kuthamanga yadula kale makilomita oposa 300 pa ulendowo.

LIWIRO LA NDEGE

Ndege zonyamula anthu ziri za mitundu iwiri. Ziripo za mapulopela, zija ziri ndi zopalasira mphepo zozungulira pa mapiko, ndipo za masiku ano ziyenda makilomita 500 kapena 600 pa ola limodzi. Ziriponso za jeti, zimene ziyenda makilomita 800 kapena kupitirira pang'ono. Basi pa mseu wabwino iyenda ngati 80. Ndiye kuti mtunda umene basi iyenda maola khumi, jeti iumaliza pa ola limodzi. Jeti iuluka pamwamba ngati mamita 10,000, ndiko kuti kutalika kwa nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje katatu ndi kupitirirapo. Kumwambako mpweya ndi wopepuka, cotero ndege ithamanga kwambiri osamwa mafuta ambiri.

Tsono tengani makilomita 1,350 ndi kugawa ndi 800. Yankho lace ndi ola limodzi ndi maminiti ngati 40. Koma mukayang'ana pa tikiti mupeza kuti alemba maola awiri ndi maminiti ena pamwamba. Musaganize kuti akalaliki alakwitsa samu. Nthawi ya pa tikiti aiwerenga kuyambira pamene ndege yasuntha pa malo ace oimapo kufikira pamene yaima ku bwalo linalo. Isananyamuke iyamba yayenda pansi pang'onopang'ono kupita kumapeto kwa bwalo, ndipo nthawi zina idikira kuti inzace itere. Pokwera kumwamba siikhala itafika pa liwiro lace lonse, ndipo iyamba kutsika ikali kutali ndi kumene ipita. Potera iyenera kuyang'anizana ndi mphepo, cotero kawirikawiri iyamba yazungulira. Zonsezi zidya ngati theka la ola.

Naci cizolowezi cimene cingakuthandizeni. Tengani mtunda wa m'mwamba, gawani ndi 800, ndipo onjezani theka la ola. Ku Johannesburg mupeza maola awiri ndi maminiti khumi. Ku Addis Ababa mupeza maola anai. Simudzaphonya kwambiri. Ku Lilongwe ndi pafupi kotero kuti ndege ingokwera ndi kuyambanso kutsika, ndipo ulendo wonse sukwana ola limodzi.

Mphepo nayo iri ndi mau pa nkhaniyi. Munthu wopalasa bwato pa Shire adziwa kuti kutsika ndi madzi nkosiyana ndi kukwera. Ndege nayonso ikakhala ndi mphepo kumbuyo ifika msanga, ikakumana nayo kumaso icedwa. Ndico cifukwa cace ulendo wopita ndi wobwerera nthawi zina usiyana maminiti angapo ngakhale mtunda uli womwewo. M'nyengo ya dzinja woyendetsa ndege alambalala mitambo ya mphezi, ndipo zimenezi zionjezanso nthawi.

NTHAWI IMENE SAILEMBA PA TIKITI

Apa ndi pamene anthu ambiri apunthwa. Munthu akamva kuti ku Joni ndi maola awiri, aiwala kuti ndege siinyamuka pakhomo pace. Tiyeni timtsate mwana wanu kuyambira pamene watseka citseko ca nyumba yace.

Bwalo la O. R. Tambo liri kunja kwa mzinda wa Johannesburg, ca kum'mawa. Timpatse ola limodzi lofikira kumeneko. Pa ulendo woturuka m'dziko afuna kuti munthu afike pa bwalo maola awiri kapena atatu ndege isananyamuke, kuti aonetse tikiti, apimitse katundu pa sikelo, afufuzidwe m'zikwama, ndi kudinditsa pasipoti. Timpatse atatu. M'mwamba akhala maola awiri ndi pang'ono. Akatera pa Chileka adinditsanso pasipoti, adikira katundu wace ndi kuonana ndi a kasitomu, limenelo ndi ola linanso. Kucoka pa Chileka kufika kwanu ku Lirangwe, ndi kudikira minibasi komwe, tionjeze ola lina. Zonse pamodzi ndi maola asanu ndi atatu. Akaturuka m'nyumba 8 koloko m'mawa, 4 koloko madzulo ali pakhonde panu. Nsima ija adzaidyadi.

Nanga basi? Iyenera kudutsa m'maiko anai ndi kuima pa malire atatu: pa Beitbridge, pa Nyamapanda, ndi pa Zobue pafupi ndi Mwanza. Pa malire ali onse anthu atsika, afola mzere ndi kudinditsa, ndipo nthawi zina katundu yense atsitsidwa. Amene ayenda njira imeneyi adziwa kuti idya usana, usiku, ndi usana wina, ndipo mizere ikatalika agona panjira kawiri.

Koma musaganize kuti ndege ipambana cotere paliponse. Taonani ulendo wa ku Lilongwe. Kucoka pakati pa tauni ya Blantyre kufika pa Chileka ndi makilomita ngati 16, ndipo wocokera ku Limbe kapena ku Bangwe ayamba wadutsa m'tauni monse. Afike ola limodzi kapena kuposa ndege isananyamuke. Akatera ku Lumbadzi atsalabe ndi makilomita oposa 20 kuti alowe mu mzinda wa Lilongwe. Mukawerenga bwino mupeza maola atatu kapena kupitirira, pamene basi yabwino ifika pa maola anai kapena asanu. Wapindula ola limodzi kapena awiri cabe, ndipo walipira ndarama zambiri. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika. Phindu la ndege likula pamene mtunda ukula.

CENJERANI NDI WOCHI

Pali zinthu ziwiri pa tikiti zimene zagonetsa anthu panja.

Coyamba ndi kalembedwe ka nthawi. A ndege sawerenga maola khumi ndi awiri kawiri monga ticitira ife, koma awerenga molunjika kufika 24. Mukaona 14:30, cotsanipo 12, ndipo mupeza kuti ndi hafu pasiti 2 masana. Mukaona 02:30, imeneyo ndi hafu pasiti 2 usiku, tambala asanalire. Ndinaonapo banja lina litakhala pa Chileka kuyambira m'mawa, ndi ana ndi agogo omwe, cifukwa cosamvetsa manambala a pa uthenga umene mbale wao anatumiza.

Caciwiri ndi cakuti dzuwa silituruka nthawi imodzi pa dziko lonse, cotero mawochi a maiko asiyana. Ife, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa tiyendera wochi imodzi, ndiye mwana wanu sadzabvutika. Koma Tanzania, Kenya ndi Ethiopia ali patsogolo pathu ndi ola limodzi. London ali kumbuyo kwathu ndi maola awiri m'nyengo yao yozizira, ndi ola limodzi m'nyengo yao yotentha. Nthawi iriyonse yolembedwa pa tikiti ndi nthawi ya pamalo pomwepo. Tiyerekeze kuti mwanyamuka pa Chileka 2 koloko masana ndipo tikiti iti mufika ku Addis Ababa 7 koloko madzulo. Simunauluke maola asanu ai, mwauluka anai, ola linalo ndi la kusiyana kwa mawochi.

Ndinena izi ndi cisoni cifukwa zinamgwera mphwanga weniweni. Anali kupita ku sukulu kunja, ndipo anayenera kusintha ndege pa mzinda wina wa kumpoto. Wochi yace ya pamkono inali kuwerengabe nthawi ya kwathu kuno. Anakhala pansi kumwa tiyi mosatekeseka poganiza kuti ola lathunthu likalipo, ndipo pamene anafika pa khomo lokwerera anapeza atatseka kale. Anagona pa benchi usiku wonse, ndipo ife kuno tinasonkherana ndarama zoonjezera pa tikiti. Mukatera m'dziko la eni, yambani mwayang'ana wochi ya pa khoma ndi kukonza yanu. Ngati simumvetsa, funsani anchito a pa bwalo, pakuti safunsa anadya phula.

Kusintha ndege kumeneku ndiko kutalikitsa maulendo a kutali. Kukanakhala ndege yocoka pa Chileka molunjika ku London, ikanatenga maola ngati 11. Koma masiku ano palibe, ndipo munthu ayenera kusintha ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg, cotero ulendo upitirira maola 15, ndipo ena atha usana ndi usiku. Ngakhale pa ulendo wa ku Joni, pogula tikiti funsani ngati ndegeyo ifika molunjika pa Chileka kapena iyamba yadzera ku Lilongwe.

CIFUKWA NINJI WENELA ANALI KUCEDWA?

Tsopano ndibwere ku zimene munaona ndi maso anu, bambo. Simunaiwale kanthu ai. Ndege za Wenela, zimene zinayamba kunyamula anthu a ku migodi m'caka ca 1952, sizinali kufika ku Johannesburg. Zinali kutera ku Francistown, m'dziko la Bechuanaland limene lero ndi Botswana, mtunda wa makilomita ngati 1,000 kucokera pa Chileka. Ndege zace, za mtundu wa Dakota ndi DC-4, sizinali kufika makilomita 400 pa ola, cotero ulendo wa m'mwamba wokha unali maola atatu kapena kuposa. Kucokera ku Francistown anthu anali kukwera sitima ya pamtunda. Onjezanipo masiku ogona pa depoti podikira kulembedwa ndi kuyesedwa m'thupi, ndipo muona kumene masiku anu aja anapita. Dzina lace silinafe, pakuti malo okwerera basi pafupi ndi tauni ya Blantyre achedwabe pa Wenela.

Njira imeneyi inatha ndi maliro. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela ya mtundu wa DC-4, imene inali kubweretsa anthu kwao kuno, inagwa itangonyamuka ku Francistown, ndipo anthu 78 anafa, ambiri mwa iwo Amalawi. Ofufuza anapeza kuti mafuta ace anali atasakanikirana ndi mafuta a mtundu wina. Dr. Kamuzu Banda analetsa pomwepo kulemba anthu a ku migodi, ndipo kulembako kunayambanso m'caka ca 1977. Ngati mantha anu acokera pamenepo, ndiwamvetsa. Koma dziwani kuti pa mtunda wofanana, anthu ofera pa mseu ndi ambiri koposa ofera m'ndege zonyamula anthu za masiku ano.

Agogo anu anaona zobvuta zoposa zanu. Ambiri anapita ku Salisbury ndi ku Joni wapansi, masabata angapo, kuoloka Zambezi pa bwato ndi kugona m'chire. Njanje inafika ku Blantyre m'caka ca 1908, ndipo mlatho wa njanje wa pa Zambezi unatsegulidwa m'caka ca 1935. Kampani ya ndege ya Central African Airways inakhazikitsidwa m'caka ca 1946. M'zaka za 1949 ndi 1950 ndege zotera pa madzi za kampani ya BOAC zinali kuima pa Cape Maclear pa ulendo wao wocokera ku England kupita ku Johannesburg, ulendo wa masiku angapo cifukwa usiku zinali kugona panjira. Pa Chileka pomwepa ndi pamene Dr. Banda anatera pa 6 July 1958, ndi pamenenso anamkweza ndege kupita naye ku ndende ya ku Gwelo pa 3 March 1959. Air Malawi inayamba m'caka ca 1964, ndipo kuyambira 1974 inali ndi jeti yaikuru ya VC10 yocoka pa Chileka kupita ku London kwa zaka zingapo. Kampaniyo inatsekedwa m'caka ca 2013, ndipo m'malo mwace munalowa Malawi Airlines, imene Boma la Malawi ligawana ndi Ethiopian Airlines.

MAU KWA ANYAMATA NDI ATSIKANA

Ndisanatsirize ndifuna kulankhula ndi ana athu. Ndege ifupikitsa nthawi, koma mtunda ukhala uli comweco. Munthu akakuuzani kuti kumene akupezerani nchito ndi pafupi cifukwa mufika tsiku lomwelo, funsani makilomita ace. Ku Oman, mwacitsanzo, ndi makilomita oposa 5,000, ndipo pakati pali nyanja yamcere. M'zaka za 2022 kufika 2024 tinamva za amai ndi atsikana a kuno amene anapita kumeneko polonjezedwa nchito zabwino, koma atafika analandidwa mapasipoti ndi kugwiritsidwa nchito za m'nyumba mwankhanza, ndipo kubwerera kwao kunafuna ndarama zambiri ndi thandizo la ena. Wa ku Joni zikamthina akhoza kubwera pa basi kapena pa lole. Wa kutsidya la nyanja alibe njira ina koma tikiti. Musanakwere, dziwani amene adzalipira tikiti yobwerera, onani pangano la nchito lolembedwa, kafunseni ku ofesi ya za nchito ya m'boma lanu, ndipo pasipoti yanu isacoke m'manja mwanu.

YANKHO LANGA

Tsono bambo, funso lanu laciwiri. Tikiti ya ndege ndi yokwera mtengo kuposa ya basi, ndipo katundu wa m'ndege ali ndi malire a kulemera kwace, wopitirira alipiritsa. Mwana wanu akanakhala kuti abwera kudzapuma pa Khirisimasi, atanyamula mabulangete, njinga ndi ziwiya, ndikanati akwere basi ndi kusunga ndarama zotsalazo. Koma pano pali matenda. Kusiyana kwa maola asanu ndi atatu ndi tsiku limodzi ndi theka kukhoza kukhala kusiyana kwa kulankhula ndi amai ace ndi kungomva kwa ena zimene ananena. Ndarama zibwerera, bambo. Mloleni akwere ndege, ndipo katundu adzatumize pambuyo.

Mumuuze akutumizireni dzina la kampani ya ndege, nambala ya ulendo, tsiku, ndi nthawi yotera monga yalembedwa pa tikiti. Amene apite kukamcingamira asafulumire kudera nkhawa ngati ola lapita ndege itatera iye asanaturuke, pakuti adzakhala ali pa mzere wa pasipoti.

Amai ndiwafunira kucira msanga, ndipo mudzandilembere za m'mene mwanayo wafikira. Awerengi ena amene muli ndi mafunso a za maulendo, pa mseu, pa njanje kapena pa nyanja, lembani makalata anu momveka bwino ndipo tidzawayankha mmodzimmodzi. Tsalani bwino, tidzacezanso sabata ya mawa.